Magalasi Oonera Mbalame a Atate Jere

Chowa, Kabwe
21 Ogasiti 1994

Mwana wanga Henry,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino kumeneko ku Botswana. Ife kuno tadzuka, kupatula chifuwa changa chimene uchidziwa kale. Mlongo wako Eness akupereka moni.

Mgodi anatsekadi. Pachipata pali loko ndi mlonda mmodzi wongogona. Anzanga ena abwerera ku Chipata, ena akukumba zitsulo pa phiri lakuda lija la zotsala za mgodi, ena akumwa kachasu kuyambira m'mawa. Unachita bwino kuchoka zisanafike pamenepa.

Ine ndapeza changa chochita, koma usandiseke. Kuseri kwa mgodi kuli dziwe lija tinkatayiramo madzi a pansi. Chizimireni makina pamera bango, ndipo mbalame zabwera. Moyo wanga wonse ndinali pansi pa nthaka, sindinadziwe kuti Kabwe ali ndi mbalame zotere. Pali akakowa, atsekwe, anantchengwa awiri amene akumanga chisa chonga nyumba ya udzu, ndi tina ting'onoting'ono tosadziwika maina. Ndimakhala pamenepo mpaka dzuwa litatentha.

Tsiku lina Abambo a ku parishi anandipeza pomwepo. Anali ndi magalasi oonera patali aja amati mabainokyula, ang'onoang'ono, ndipo anandibwereka. Henry, ndinaona diso la nantchengwa. Ndinaona likuphethira. Ndinachita kuseka ndekha ngati mwana.

Ndiye ndapempha, ngati kumeneko amagulitsa ogwiritsidwapo kale ntchito, undipezereko. Asakhale aakulu. Udziwa manja anga amanjenjemera chifukwa cha makina obowolera miyala aja. Ngati ndi odula, usiye, si chakudya.

Mkazi wako Kasuba anamutulutsa m'nyumba ya kampani ija. Tsopano ali ku Makululu, kumapeto kwenikweni koyang'anana ndi phiri lakuda, akugulitsa tomato. Ndinati abwere kuno ndi mwana, koma iye ndi Eness saonana bwino. Ngakhale ukwati wanu simunaudalitse ku tchalitchi, ndi mpongozi wathu, ndipo Lushomo ndi magazi athu. Uziwalembera.

Ndine atate ako,
Febian Jere


Selebi-Phikwe
12 Seputembala 1994

Atate,

Kalata yanu ndalandira. Kuseka sindingakusekeni. Loweruka ndinakwera basi kupita ku Francistown dala chifukwa cha inu. Kuli sitolo ya mmwenye yogulitsa mawailesi ndi makamera, ndipo anandiyalira magalasiwo pa tebulo ngati nsomba za pamsika.

Anandiphunzitsa manambala ake. Akalemba 8x30, nambala yoyambayo ikunena mmene chinthu chimayandikirira, yachiwiriyo ndi kukula kwa galasi la kutsogolo. Nditamuuza kuti ndi a munthu wachikulire wongofuna kuona mbalame pa dziwe, anati nditenge ang'onowo, a 8x30 kapena 7x35. Anati ngopepuka, amaonetsa malo otambalala, ndipo mbalame ikauluka umatha kuitsatira. Aakulu a 20x50 anati ndi a anthu osaka nyama, amafuna manja olimba kapena poatsamiritsa.

Ndinayesa onse nditaima pakhomo pa sitolo. Ndi ang'onowo ndinaona munthu kutsidya kwa msewu. Ndi aakuluwo ndinaona munthu ali ku siteshoni, mpaka mtundu wa malaya ake. Ndagula aakuluwo. Mmwenye anapukusa mutu, koma wogula ndine. Atate anga sangalandire chidole cha ana. Ndiponso mbalame zina zimakhala kutali.

Adzabwera nawo a Nevers, dalaivala wa thiraki yopita ku Ndola. Ndawapatsanso kangachepe ka ufa ndi mankhwala anu a chifuwa.

Ndifunseko. Munthu akakwera pamwamba pa phiri lakuda, Makululu amaoneka bwino?

Kwa Kasuba muyambe mwaleka kupitako. Pali zimene ndikumva. Ndidzakuuzani.

Mwana wanu,
Henry


Makululu
3 Okutobala 1994

Bashi Lushomo,

Muli bwanji uko? Ise kuno tili chabe so. Iyi ni kalata yachitatu, simuyankha. Kapena adiresi inachinja? Niuzeni.

Nkhani ni ya Lushomo. Chifuwa chija sichinasile. Anayamba kuonda, kutuluka thukuta, kukana na kudya. Ninamupeleka ku chipatala, bamupima, bakuti ni TB. Ninalila maningi. Koma badokota bakuti azapola ngati sitidumpha mankhwala. Afunika nyeleti, ija jakisoni, tsiku lililonse, na mapilisi pamwamba.

Ku chipatala ni kutali, ndipo nikapita uko tomato ibola. Manje kuli gulu ya ku tchalitchi yamene ithandiza odwala mu manyumba. Pali ba Yoram, bakulu ndithu, banali nesi ku mgodi. Bamabwela na njinga masana, bamulasa nyeleti, bankhala pang'ono kuona ngati sasanza, bapita. Sibatenga kanthu, olo kapu ya tiyi.

Napapata, chonde, musauze ba Eness. Muziba kamwa yao. Masiku ano munthu akamva TB aganiza matenda aja, ndipo ku msika kulibe azagula tomato yanga. Batata nizabauza neka mwana akankhalako bwino, chifukwa naopa chifuwa chao. Basiya kubwela kuno, siniziba ngati nabalakwila.

Mukabwela pa Khrisimasi simuzasoba. Ni nyumba yothela, kumbali ya phiri, chitseko cha buluu, pafupi na mpope. Lushomo akamva thiraki athamangila ku chitseko ati ni batata.

Tumizani olo kang'ono ka mkaka na mazila. Bakuti azidya bwino.

Ndine mkazi wanu,
Kasuba


Chowa
16 Okutobala 1994

Mwana wanga Henry,

Moni kwa iwe. Katundu wafika, a Nevers anachita kubwera naye pakhomo. Zikomo kwambiri. Eness anayendayenda nawo magalasiwo mu laini yonse, anthu mpaka kuima pamzere kuti aonereko.

Usandiyese wosayamika, koma ndinene zoona. Magalasiwa andikulira. Ndikawakoleka m'khosi ndimakhala ngati ndanyamulanso batire la nyale ya mu mgodi. Ndikawakweza, dziko lonse limavina. Ndikaona kakowa ndi maso, n'kuika magalasi, ndimapeza bango lokhalokha. Pofika poti ndamupeza, wauluka kalekale. Tating'ono tija ta pafupi sitioneka n'komwe, timangokhala chimbuuzi. Dzulo ndinawatsamiritsa pa chitsa, ndipo ndinaona tsekwe mmodzi bwinobwino chifukwa anali m'tulo.

Kodi mmwenye uja sangalole kusinthitsa ndi ang'ono aja anakulangiza? Ndawasamala, alibe kachipsera. A Nevers akuti adzadutsanso mwezi wamawa.

Za phiri lakuda, inde Makululu amaoneka, koma kulibe mbalame kumeneko. Kuli akhwangwala okha ndi fumbi. Munthu wa chifuwa ngati ine kumeneko n'kudzipha.

Unati pali zimene ukumva za amake Lushomo. Wakuuza ndani? Ine palibe chimene ndamva. Ndamvera mawu ako, sindinapiteko, koma mtima ukundiwawa chifukwa cha mdzukulu wanga.

Ndine atate ako,
Febian Jere


Selebi-Phikwe
2 Novembala 1994

Atate,

Ndili bwino. Magalasi sasinthidwa. Ndipo popeza mukuchita ngati simukumva, ndinene mosabisa.

Kasuba akulowetsa mwamuna m'nyumba. Amene anandiuza sindimutchula. Ndikanatuma Eness, koma mawu a Eness anthu adzati ndi nsanje ya pachilamu. Mawu anu palibe angawatsutse. Ndinu wamkulu wa mpingo, Chowa yonse imadziwa kuti simunama.

Mukwere pa phiri lakuda masana, dzuwa likapendeka pang'ono. Muyang'ane nyumba yothera, ya chitseko cha buluu, pafupi ndi mpope. Mugone chafufumimba, magalasi muwatsamiritse pa mwala, savina. Muchite zimenezi masiku angapo. Kenako mundilembere ndi dzanja lanu zimene mwaona, musaine dzina lanu pansi. Musapite kukamufunsa. Mukamufunsa adzachenjera.

Ine kuno ndimalowa pansi tsiku ndi tsiku kuti inu ndi Eness mudye. Sindinadandaulepo. Munapempha magalasi, ndinakwera basi kukagula. Tsopano ndapempha ndine. Ngati mwana wanu angapusitsidwe inu muli phee kuwerenga nthenga za atsekwe, ndiye kuti kumeneko ndilibe atate. Ufa ndi mankhwala a mwezi uno ndayamba ndaimika mpaka nditamva kwa inu.

Henry


Chowa
27 Novembala 1994

Henry,

Ndikhulupirira uli bwino. Ine chifuwa chavuta, mankhwala anatha.

Ndinakana masiku ambiri. Eness anasiya kundiyankhula, mbale amangoiponya patsogolo panga. Ndiye ndinakwera.

Anyamata okumba zitsulo anandiseka. Wina anati, "Shikulu, mwabwela kusakila mbalame olo bakazi?" Ndinangodutsa. Ndinagona pa miyala yotentha monga unanenera, mkulu wa zaka zangazi, kusuzumira pakhomo pa mpongozi wanga. Kwathu mpongozi timamupatukira m'njira.

Zimene ndinaona ndi izi. Amake Lushomo amabwera kuchokera ku msika masana ndi beseni pamutu. Pakapita kanthawi pamabwera mwamuna pa njinga, wovala malaya oyera, ndi kachikwama. Amatsamiritsa njinga pa khoma, amalowa, chitseko chimatsekedwa. Amakhalamo nthawi yoti munthu angadye chakudya, n'kutuluka. Amake Lushomo amamuperekeza mpaka pa mpope. Ndinaona zimenezi masiku onse amene ndinakwera. Nkhope yake sindinaione, magalasi ako amanjenjemera. Mwana sindinamuone akusewera panja ngakhale kamodzi.

Ndalemba zimene maso aona, za m'nyumbamo sindidziwa. Akhoza kukhala mbale wake, akhoza kukhala wa ngongole, akhoza kukhala aliyense. Ndikukupempha, usachite kanthu usanamufunse. Bwera pa Khrisimasi, tikhale pansi ndi akwawo monga anthu. Ndilole ndipite ndekha ndikacheze naye.

Pa phiri paja sindikweranso.

Ndine atate ako,
Febian Jere


Selebi-Phikwe
9 Disembala 1994

Eness mlongo wanga,

Uli bwanji? Atate alemba. Mdalayo anavuta koma walemba, ndi dzina lake pansi. Ndakopera mawu ake pa pepala lina, ndi ili ndaikamoli. Ukawerenge ndime yachinayi yokha, za m'munsizo uzisiye.

Pa Khrisimasi sindibwera. Uchite izi. Upeze anyamata awiri ndi wilibala, upite ku Makululu. Utenge makina osokera, bedi, wailesi ndi mapoto, zonse ndinagula ndine. Makinawo akhale ako. Utengenso Lushomo. Ife ndife Angoni, ndinalowola, mwana ndi wa kwa Jere. Sindifuna mawa anthu adzanene kuti Henry anataya mwana, ndiponso sindifuna Kasuba azindilondola ndi makalata opempha mkaka.

Uwerenge pepalalo mokweza, anthu oyandikana naye amve. Akayamba kulongolola za matenda usamvere. Mwanayo amangotsokomola fumbi la ku Makululu, kwanu kudzamuthera.

Atate usawauze tsiku. Ufa ndi mankhwala awo ndatumiza.

Zina zija ndinakuuza zikuyenda bwino. Usunge pakamwa mpaka nditanena.

Mlongo wako,
Henry


Chowa
28 Disembala 1994

Achimwene,

Moni wa Khrisimasi! Ife tinadya bwino, nkhuku ndi mpunga, zikomo chifukwa cha katundu. Ntchito munandipatsa ndagwira, ndipo mukanakhalapo mukanaseka.

Tinapita Lachiwiri m'mawa, Atate ali ku dziwe kwawo. Kasuba tinamupeza akuyala tomato mu beseni. Atationa anamwetulira, ati, "Ba Eness, mwatikumbuka lelo? Ngenani." Ine ndinati sindilowa m'nyumba ya hule. Ndinaima pa mpope pomwe pali azimayi ambiri, n'kuwerenga pepala lija mokweza. Nditafika poti chitseko chimatsekedwa, azimayi onse anati eee!

Kasuba anati, "Batata ndiye balemba izo? Batata?" Ndinati inde, anakuona ndi maso awo ali pa phiri, ndi magalasi ochokera kunja, oona ngakhale nsabwe. Anatembenuka kuyang'ana phirilo nthawi yaitali ngati pali munthu.

Anyamata atayamba kutulutsa bedi ndi pamene anayamba kukuwa. "Uyo ni ba Yoram ba ku tchalitchi! Bamabwela kulasa nyeleti! Bashi Lushomo baziba, ninabalembela!" Ine ndinati, "Nyeleti imeneyo taimva, mayi, n'chifukwa chake tabwera." Achimwene, anthu anagwa nako kuseka. Mpaka mnyamata wa wilibala anakhala pansi.

Povuta panali pa mwana. Anamukumbatira, ati mundiphe kaye. Anati mankhwala, mankhwala, mwana azafa. Mnyamata mmodzi anamugwira manja, ine ndinamusolola mwanayo. Ngwopepuka ngati nkhuku, mayi wake sankamudyetsa. Anatithamangira mpaka ku njanji chitenge chili m'manja, akutiponyera kabotolo ka mapilisi. Sindinatole. Ndidziwa bwanji kuti si mankhwala a kwa sing'anga?

Kasuba wabwerapo kuno kawiri, ndinamubweza pa geti Atate asanamuone. Ndamuuza kuti akabweranso ndiitana apolisi.

Atate atapeza mwana m'nyumba sanadye tsiku limenelo. Ndinawauza kuti mayi wake wamupereka yekha kuti azimasuka ndi mwamuna wakeyo. Mwanayo amatsokomola kwambiri, ndimamugoneka ku chipinda cha Atate, azitsokomolerana.

Makina akusoka bwino, koma lamba watha. Munditumizireko.

Mlongo wanu,
Eness


Chowa
15 Januwale 1995

Henry,

Sindikufunsa za moyo wako, ndidziwa uli bwino.

Lachisanu kunabwera munthu pa geti Eness ali ku msika. Anali pa njinga, malaya oyera, kachikwama. Ndinaizindikira njingayo ndisanaone nkhope. Nkhope nditaiona, ndinawadziwa. Ndi a Yoram, nesi wa ku mgodi, amene anandisoka chala chaka chija mwala unandipsinja. Munthu wa imvi kuposa ine.

Anati, "A Jere, ndafunafuna nyumba yanu. Mwana ali kuti?" Ndinawalowetsa. Atamuona Lushomo pa mphasa anamugwira pamphumi, n'kumvetsera pamsana. Anati, "Mwana uyu ali ndi TB. Jakisoni wake sadumphitsa. Anali atayamba kunenepa. Mwamuchita chiyani?"

Iwo anapitiriza, osakweza mawu. "Ku Makululu ana akundiimba nyimbo. Akazi anga sapitanso ku mpope. A gulu andiuza ndiyambe ndaima, ndipo odwala anga ena alibe wowabaya. Akuti munandiona ndinu. Munaona chiyani, a Jere?"

Ndinati ndinaona njinga.

Ndinamubereka Lushomo kumsana ndi chitenge cha malemu amako, a Yoram akukankha njinga pambali. Tinadutsa pa msika anthu akutiyang'ana. Amake tinawapeza atakhala pansi m'nyumba yopanda kanthu, ngakhale poto. Anamulandira mwanayo osalira. Anamuvula malaya, n'kuyamba kumuwerenga nthiti ndi chala.

Ine ndinagwada pakhomo. Sanandilowetse. Anati, "Batata, masiku yonse aja munali pa phiri, mukanaseluka chabe. Ni pafupi. Ninali na mpando nthawi ija, mukanankhala, mukanaona mweka." Kenako anati, "Mwana wanu ninamulembela mu Okutobala. Dzina ya ba Yoram, njinga, nthawi yamene babwela, na chitseko cha buluu. Zonse anaziba."

Henry, ndiyankhe chinthu chimodzi. Kalata imeneyo unailandira? Ngati inasochera pa positi, ndiuze, ndipite ndikauze Makululu yonse khomo ndi khomo kuti tinalakwitsa tonse. Ulembere a Yoram. Ubweze katundu wa mwiniwake. Mwana amugoneka ku chipatala, akufunika chakudya chabwino. Za ine usatumize kanthu, utumize kumeneko.

Atate ako,
Febian Jere


Selebi-Phikwe
6 Febuluwale 1995

Atate,

Ndalandira kalata yanu yaitali. Ndikuona kuti mwakhumudwa, koma pa msinkhu wanu si bwino kudzivutitsa chonchi.

Mwafunsa ngati kalata ya Kasuba inafika. Inafika. Akazi amalemba zambiri. Munthu akati wobwerayo ndi nesi, ndiye kuti ndi nesi basi? Ine ndinali kuno, sindinaone kanthu. Amene munaona ndinu. Munalemba nokha kuti chitseko chimatsekedwa, palibe anakugwirani dzanja.

Tsopano ndikuuzeni nkhani yabwino imene ndakhala ndikusunga. Ndikukwatira. Dzina lake ndi Kefilwe, mphunzitsi, Mkatolika ngati ife, ndipo ndi woyembekezera. Akwawo ndi anthu olemekezeka, bambo ake ali ndi ng'ombe zambiri. Iwo pamodzi ndi Abambo a parishi ya kuno anafuna kudziwa chimene ndinasiyira mkazi woyamba. Mawu anga okha sakanakwana. Ndinawaonetsa kalata yanu, ndipo atamva kuti ndinu wamkulu wa mpingo sanafunsenso. Akwawo kwa Kasuba nawonso ndinawatumizira mawu anu omwewo, kuti asayerekeze kunditengera ku khoti. Ndiye ndikuthokozani. Mwandithandiza kuposa mmene mukudziwira.

Zoti muyende khomo ndi khomo, muganize kaye. Mukanena kuti munanama, amene adzatchedwa wabodza ndinu. Mukanena kuti simunaname, ndiye mukuyenderanji? Ndiponso nyumba mukukhalayo ikadzagulitsidwa kwa okhalamo, monga zikumvekera, wogula ndine. Musaiwale zimenezo.

Mwana munamubweza nokha popanda kundifunsa. Ndiye ali m'manja mwa amake ndi mwa inu. Ine ndinayesetsa.

Ukwati ndi wa pambuyo pa Pasaka. Ulendo ndi wautali, chifuwa chanu sichingalole, ndiye adzabwera Eness kudzaimira banja. Inu mupumule, muziona mbalame zanu. Mvula ino ziyenera kuti zachuluka.

Mwana wanu,
Henry


Chowa
26 Malichi 1995

Achimwene,

Moni kwa inu ndi kwa alamu anga atsopano. Chithunzi chawo ndalandira, koma ndiye ndi mkazi! Tsitsilo ndi lawo kapena ndi loika? Ndaonetsa laini yonse. Pasipoti yatuluka, a Nevers akuti adzanditenga Lachitatu la pambuyo pa Pasaka.

Mwafunsa za Atate. Ali moyo. Kalata yanu ija ataiwerenga anaipinda bwinobwino, n'kupita ku parishi kukatula udindo wawo. Akuti sangaimenso kutsogolo kwa anthu. Ku Misa amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, salandira Ukaristia. Ku dziwe anasiya kupita. Magalasi aja ndinawapeza pa dzala atawakulunga m'pepala, tangoganizani, chinthu chodula chotero. Ndinawatola, ndipo a Beston a ku Katondo, aja amapita kukasaka ku Lukanga, anawatenga n'kundipatsa nsalu ziwiri za diresi ndi chikwama cha m'manja. Ndiye musadandaule, sanapite pachabe.

Tsopano nkhani ina, muwerenge muli nokha. Kasuba anachoka ku Makululu mwezi watha. Tomato wake palibe ankagula, ndipo mwini nyumba anamuthamangitsa. Anamutulutsa mwana m'chipatala n'kupita naye kwa amake ku Chibombo. Sabata yatha ndinakumana ndi Phyllis, uja ankagulitsa naye pa msika. Akuti Lushomo anamwalira kumeneko, anaika Loweruka lapitalo. Sanatitumizire ngakhale uthenga, ndi mmene alili anthu amenewo. Pepani. Ine ndikuti alamu musawauze mpaka ukwati utadutsa. Munthu woyembekezera safunika nkhani zotere, ndipo akwawo angayambe mafunso.

Atate sindinawauze. Sadziwanso kuti Kasuba anasamuka, chifukwa pakhomo paja sagogoda. M'mawa uliwonse amaphika mazira awiri, a nkhuku zanga, n'kuwakulunga m'kansalu, n'kuyenda wapansi mpaka ku Makululu. Amawaika pa khonde n'kubwerera. Panopa mukukhala anthu ena, ndipo Phyllis akuti ana a m'nyumbamo amachita kuwadikirira pa windo. Atate akabwerako amandiuza kuti, "Lero atenganso, ndiye kuti mwana akudya." Ndimangoti inde. Ndikawauza adzangokhala m'nyumba kundilirira tsiku lonse, pomwe ndili ndi madiresi a anthu oti ndimalize. Bola aziyenda, akuwongola miyendo. Ndikadzabwerako ku ukwati ndidzaona mowauzira.

Pa nthawi imene ndidzakhale kumeneko ndapempha a Tryness a pa nyumba yachiwiri kuti aziwapatsako chakudya. Muwaganizireko kanthu.

Diresi ndasoka ndekha, yapinki, ya manja aatali. Chasowa ndi nsapato, kuno za bwino kulibe. Muwauze alamu andigulire kumeneko, saizi sikisi, zoyera, koma chidendene chisatalike kwambiri chifukwa ndikufuna kudzavina.

Mlongo wanu wokukondani,
Eness